Kalingalinga ali kuseri kwa yunivesite, nanga m'mabuku a malamulo ali tsamba liti?

Munthu wochoka pa sukulu ya zamalamulo ya Yunivesite ya Zambia (UNZA) safunika basi kuti akafike ku Kalingalinga. Ndi kuseri kwa mpanda chabe. Ophunzira ambiri amachita lendi tizipinda komweko, amagula tomato ndi makala komweko, ndipo mageti ndi mafelemu a mawindo amene amisiri owotcherera amayala m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata amawaona tsiku lililonse. Sukuluyi yakhala ikusula maloya kuyambira mu 1967, ndipo magazini yake, Zambia Law Journal, inayamba kutuluka mu 1969. Ndiye tifunse: pa zaka zoposa 50 zimenezi, mmisiri wa m'mbali mwa msewu uja, mnyamata womugwirira chitsulo, ndi mayi wophikira onsewo nsima, alembedwa pa tsamba liti?

Tisanamizire anthu ulesi. Dziko lino lili ndi akatswiri olemba zogwira mtima. Muna Ndulo, amene anaphunzitsa pa UNZA asanapite ku Cornell, wathera moyo wake pa malamulo oyendetsera dziko. Malemu Alfred Chanda, pamodzi ndi Mufalo Liswaniso, anasonkhanitsa malamulo okhudza atolankhani m'buku limodzi mu 1999. Patrick Matibini, asanakhale jaji kenako Sipikala wa Nyumba ya Malamulo, analemba za nkhondo yofuna kusintha malamulo a zofalitsa nkhani. Winnie Sithole Mwenda ndi Chanda Chungu anatipatsa mabuku a malamulo a ntchito amene ophunzira amagona nawo kumutu mayeso akayandikira. Bungwe la SAIPAR limaika zigamulo za makhoti pa intaneti kwaulere kudzera pa ZambiaLII, ndipo limatulutsa magazini yozisanthula. Zonsezi ndi ntchito yeniyeni, ndipo popanda iyo bwenzi majaji athu akuweruza mopanda wowayang'ana.

Koma taonani chimene ntchito imeneyi imadya. Imadya zigamulo. Katswiri amatenga ndime ya lamulo, n'kutenga zimene majaji a Bwalo Lalikulu, la Apilo kapena la Suprimu ananena pa ndimeyo, n'kuyeza ngati anaganiza molongosoka. Tsono kuti chigamulo chotere chibadwe, pamafunika munthu amene anali ndi pepala m'manja, ndalama ya loya m'thumba, ndi mphamvu zodikira zaka zingapo. Munthu ameneyu amakhala kuti mu Lusaka muno? Pafupifupi anthu 7 mwa 10 alionse a mumzindawu amakhala m'makomboni: Kanyama, George, Chawama, Mtendere, Misisi, Chaisa ndi ena. Amenewa lamulo amakumana nalo m'mawa ndi madzulo, koma amakumana nalo pa geti ya madamu, pa kauntala ya polisi ya m'dera, pa tebulo la wotolera ndalama za khonsolo, ndi mu Local Court ya ku Matero kapena ku Chawama, kumene loya saloledwa n'kuima komwe. Malo onsewa satulutsa chigamulo chosindikizidwa. Kuphunzira chilungamo cha Lusaka pongowerenga zigamulo kuli ngati kuwerenga odwala kolera pongoyang'ana amene anakwanitsa kufika ku chipatala chachikulu cha UTH.

Tiyambe ndi ntchito, poti ndi pamene nkhani yonse yagona.

Lamulo la ntchito la mu 2019, Employment Code Act, ndi lokoma kuliwerenga. Mayi woyembekezera apume masabata 14. Wa kontirakiti ya nthawi yoikika alandire 25 peresenti ya malipiro ake ngati ndalama yomuthokoza kontirakitiyo ikatha. Bwana asachotse munthu popanda chifukwa chomveka. Kulemba munthu ngati waganyu pa ntchito yokhalitsa kunaletsedwa kale mu 2015. Ngakhale pangano la pakamwa, lamulo likuti bwana alilembe pa pepala ndipo wantchito apatsidwe lake. Nanga ndi nyumba zingati za ku Kabulonga, Woodlands ndi Ibex Hill zimene muli pepala limenelo? Ndi maloya angati, ndi majaji angati, amene analilembera mayi wowachapira mikanjo yawo yakuda ija?

Mayi ameneyu tonse timamudziwa. Amadzuka kusanache ku Mtendere, atunge madzi, asiye wamng'ono kwa aneba, n'kuyamba wapansi kupita kumayadi kuti ndalama ya basi igule pamela wa ufa madzulo. Mu Januwale 2024 malipiro ake otsikitsitsa ovomerezeka anakwezedwa kufika pa K1,300 pa mwezi, kuchoka pa K993.60. M'chaka chomwecho, kafukufuku wa mwezi ndi mwezi wa bungwe la JCTR ankaonetsa kuti banja la anthu asanu mu Lusaka limafunika ndalama pafupifupi K10,000 kuti lidye ndi kukhala moyenera. Kodi nambala yoyambayo inachokera kuti? Anaiwerengera pa mtengo wa chiyani? Katswiri wa malamulo akalemba kuti lamulo la malipiro "limateteza" antchito a m'nyumba, amakhala atayika manambala awiriwa pambali pa linzake?

Tsiku lina supuni yasowa, kapena mimba yaonekera. Madamu angoti, "Amake Junior, mawa musabwere, tidzakuimbirani." Foniyo siilira. Lamulo likuti mayiyu atha kukadandaula ku ofesi ya zantchito, ndipo ngati zakanika, ku nthambi ya Bwalo Lalikulu yoona za ntchito, masiku 90 asanathe. Ndani anamuuzapo za masiku 90? Akafika kumeneko n'kufunsidwa umboni woti ankagwiradi ntchito pa nyumbayo, aonetsa chiyani, zikhatho zake? Ndipo tsiku limene waima pa mzere ku ofesiko, ana adya chiyani?

Pali nkhani ina imene maloya amaidziwa bwino. Lamulo limati mlandu wa zantchito uweruzidwe chaka chisanathe. Pa mlandu wa kampani ya alonda ya Guardall ndi yemwe anali wantchito wake, Bwalo la Apilo linagamula kuti chaka chikangodutsa, khoti lilibenso mphamvu, ndipo chigamulo chochedwacho n'chopanda ntchito. Tanthauzo lake linali lakuti jaji akachedwa, wolangidwa ndi wodandaula. Maloya anadandaula, ndipo mu 2023 Bwalo la Suprimu linakonza cholakwikacho pa mlandu wa banki ya Citibank. Tikuyamika. Koma taonani kuti panafunika mlandu wa banki kuti nkhaniyo ikwere mpaka pamwamba. Pa zaka zimene chigamulo choyamba chija chinkagwira ntchito, ndi alonda angati, ndi oyeretsa angati, amene anauzidwa kuti akayambirenso, n'kungobwerera kwawo ku George osadzaonekanso? Alipo amene anawawerenga?

Ndipo amenewa ndi amwayi, poti ali ndi bwana woti n'kumuloza chala. Anthu oposa awiri mwa atatu alionse ogwira ntchito m'dziko muno ali kunja kwa ntchito yolembedwa. Wokankha zamkabu pa Soweto Market bwana wake ndani? Kondakitala wa minibasi amene amalipidwa zotsala dalaivala akakwanitsa ndalama ya mwini basi, ndi wantchito wa yani? Amayi oswa miyala ku Kalingalinga ndi ku Misisi, mwala ukathothola diso, amapita ku bungwe liti la chipepeso? Mtsikana wokhala m'kabokosi ka ndalama za pafoni kuyambira m'mawa mpaka mdima, amene amadulidwa malipiro ndalama ikaperewera, ndime yake ndi iti? Tikudziwa yankho la m'kalasi: pali mayeso amene makhoti amagwiritsa ntchito posiyanitsa wantchito ndi wodziimira payekha. Mayesowo anabadwira m'mafakitale a ku England. Kodi alipo amene anawatengera pa siteshoni ya basi ya Lumumba kapena ya Kulima Tower n'kuona ngati akukwana?

Chochititsa manyazi pang'ono n'chakuti munthu amene anakhala pansi ku Mtendere kuyambira m'ma 1970, n'kumvetsera antchito a m'nyumba, ogulitsa salaula ndi milandu ya m'makhoti ang'onoang'ono, n'kulemba mabuku, sanali loya. Anali Karen Tranberg Hansen, katswiri wa chikhalidwe cha anthu wobadwira ku Denmark. Anayenda ulendo wa ndege. Athuwa ulendo wake ndi wa minibasi.

Tsopano taonani mmene kusowa pepala la ntchito kumatsekerera munthu m'ndende.

Mnyamata wa ku Kanyama watengedwa Lachisanu usiku pa shishita, akuchokera kokweza katundu. Mlandu wake ndi woyendayenda popanda chifukwa, wochokera m'ndime za Penal Code, buku limene atsamunda anatisiyira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1930. Ku Malawi, Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo mu Blantyre, anagwidwa mbandakucha akupita ku malonda ake, anatengera lamulo la vakabu ku Bwalo Lalikulu, ndipo mu Januwale 2017 ndime imene anamumangira inagwetsedwa. Mu Disembala 2020 khoti la Africa la ufulu wa anthu, ku Arusha, linapereka maganizo akuti malamulo otere amalanga umphawi. Nanga kuno, ndani amagwidwa pa shishita? Munamvapo kuti galimoto yaimitsidwa ku Rhodes Park pakati pa usiku, mwini wake n'kukwezedwa m'chilole poti amayendayenda?

Lamulo likuti munthu asasungidwe m'selo masiku popanda kuonekera kukhoti, ndipo belo ya ku polisi ndi yaulere. Zalembedwa ngakhale pa makoma a mapolisi ena. Koma mayi wake akafika Loweruka m'mawa ndi kambale ka nsima, zimene amamva n'zina.

"Bwana, mwana wanga ali mkati kuyambira dzulo."

"Mayi, mwabwera ndi anthu awiri ogwira ntchito? Abwere ndi makalata a kuntchito kwawo."

Mawu amenewa, anthu awiri omuimirira amene ali pa ntchito yodziwika, amamveka ku polisi ndipo amamvekanso pakamwa pa majisitireti popereka belo. Kwa wandale kapena mkulu wa kampani, ndi nkhani ya mafoni awiri. Kwa mayi wogulitsa chibwabwa, amene abale ake onse ndi a pisiweki, ndi khoma. Ayenda komboni yonse kufuna mphunzitsi kapena nesi wolola kuika dzina lake pa mwana wa eni. Akalephera, patsala njira ziwiri: nchekelako, yotengedwa pa kaloba, kapena rimandi ku ndende za Kamwala ndi Chimbokaila. Kodi ndi ndime iti ya lamulo imene imati munthu wodalirika ndi yekhayo wa pesilipi? Mwini nyumba amene wakhala pa poloti imodzi ku Chawama zaka 30, mkulu wa mpingo, wapampando wa msika, n'chifukwa chiyani mawu awo amapepuka kuposa a kalaliki amene analembedwa ntchito chaka chatha? Ndipo mwa anthu amene ali pa rimandi lero, ndi angati amene belo anapatsidwa kale koma anakanika kupeza anthu awiriwo? Nambala imeneyi ili m'mafailo a makhoti a majisitireti, pafupi ndi Chimbokaila pomwepo. Ikudikira wophunzira mmodzi wa digiri yachiwiri wokhala ndi kope ndi cholembera.

Za m'ndendemo si zobisika. Mu 2010 mabungwe a Human Rights Watch, PRISCCA ndi ARASA anatulutsa lipoti loonetsa kuti ndende zomangidwira anthu 5,500 zinali ndi anthu 15,300, dokotala ali mmodzi yekha, ndipo oposa gawo limodzi mwa magawo atatu anali asanapezeke olakwa. Chimbokaila, yomangidwa m'ma 1920 kuti isunge anthu pafupifupi 200, inali ndi oposa 1,000. Anthu ankatsekeredwa dzuwa lisanalowe n'kugona chokhala, wina pakati pa miyendo ya mnzake, chifuwa chachikulu chikuyenda mwaufulu. Kuchokera apo tasintha dzina mu 2016, ndende n'kukhala malo okonzera anthu. Tapanga lamulo latsopano mu 2021. Tamanga ndende ku Mwembeshi. Tathetsa chilango cha imfa mu Disembala 2022. Koma chiwerengero cha akaidi chadutsa 25,000, ndipo malo alipo sakwana ngakhale theka la amenewo.

Pakati pa zonsezi pali chigamulo chimene tiyenera kuchinyadira. George Peter Mwanza ndi Melvin Beene, akaidi a ku Chimbokaila amene ankamwa mankhwala otalikitsa moyo, anasumira boma chifukwa cha chakudya chosakwanira ndi kuthithikana. Bwalo Lalikulu linawabweza. Pa 9 Disembala 2019 Bwalo la Suprimu, m'chigamulo cholembedwa ndi Mumba Malila amene pano ndi mkulu wa majaji onse, linati ufulu wokhala ndi moyo si kungopuma mpweya: munthu amene boma lamutsekera liyenera kumudyetsa moyenera. Ichi chinali cholimba mtima, poti ufulu wa chakudya ndi thanzi suli m'chigawo cha maufulu otetezedwa, ndipo referendamu ya mu Ogasiti 2016 yofuna kuuikamo inagwa chifukwa ovota anachepa. Bwalolo linalamula boma kuchepetsa kuthithikana, kuwonjezera ndalama za chakudya, ndiponso kuti akuluakulu a ndendeyo azipereka lipoti kwa jaji pa tsiku lotsegulira milandu ya Bwalo Lalikulu mu Lusaka.

Akatswiri anachilandira ndi nthungululu, ndipo ankayenera kutero. Chalembedwa, chaphunzitsidwa, chabwera pa mayeso. Koma chigamulo si nsima. Malipoti aja ali kuti? Aperekedwa kangati kuyambira 2020? Muli chiyani? Jaji amene anawalandira anafunsapo funso? Mbale ya mkaidi wa pa mankhwala inasintha, kapena ikadali nyemba lero, kapenta mawa? Katswiri amene amatha masamba 20 kuyamikira maganizo a jaji, osathera tsiku limodzi kukaona ngati lamulolo linamvedwa, akutumikira ndani, mkaidi kapena laibulale?

Msonkho nawo uli ndi bodza lake lokhazikika, lakuti anthu a m'komboni salipira, n'chifukwa chake pamisonkhano ya m'mahotela mumamveka za "kukulitsa ukonde". N'zoona kuti wolandira ndalama yosafika K5,100 pa mwezi, malire a mu 2024, sadulidwa msonkho wa pamalipiro. Koma akagula sopo ndi shuga amalipira VAT ya 16 peresenti. Akagula mayunitsi a foni muli msonkho wa 17.5 peresenti. Kuyambira 2024 akatumiza ndalama pa foni kwa agogo ku Petauke, boma limatapapo. Pa msika pali tikiti ya khonsolo tsiku lililonse, kugulitsa kaya osagulitsa. Minibasi imene wakwera ili ndi msonkho wake, ndipo wautenga m'thumba la wokwera. Pamwamba pa izi pali zimene boma silizitcha msonkho: madzi ogula pa chigubu, chimbudzi cholipira, anyamata otaya zinyalala. Kwa zaka zambiri panalinso makada a chipani cholamula amene ankatolera zawo m'misika ndi m'masiteshoni ngakhale lamulo la mu 2007 linapereka malowo kwa makhonsolo. Ndalama imeneyo tiitche chiyani m'buku la malamulo a msonkho? Alipo amene anaphatikiza zonsezi n'kutiuza kuti pa K100 iliyonse imene mayi wa kantemba amapeza, zingati zimatsala m'manja mwake?

Yerekezani ndi a pamwamba. Mu 2013 bungwe la ActionAid linanena kuti Zambia Sugar inalipira msonkho wa kampani wosafika theka la peresenti imodzi ya phindu lake kwa zaka zingapo. Eni kampaniyo anakana kuti sanalakwire lamulo. Mu Meyi 2020 Bwalo la Suprimu linalamula Mopani kulipira K240 miliyoni pa nkhani yogulitsa mkuwa motchipa kwa kholo lake Glencore, pa misonkho ya zaka zoposa khumi m'mbuyomo. Kampani ya mgodi imapatsidwa zaka khumi, maloya ndi bwalo lapadera la apilo ya misonkho. Wogulitsa m'mbali mwa msewu amapatsidwa masekondi angati asanalandidwe dengu? Apilo yake amakaipanga kuti, ndipo tomato wolandidwayo amalembedwa m'buku liti?

Ndipo wolipirayu amabwezeredwa chiyani? Kanyama imamira chaka ndi chaka. Kolera ya 2017 mpaka 2018 inayambira m'makomboni, ndipo yankho linali asilikali m'misewu, kugwetsa tuntemba, ndi lamulo loletsa anthu a ku Kanyama kuyenda usiku, mpaka anthu anachita zipolowe mu Januwale 2018. Mu 2024 bwalo la Heroes linasanduka chipatala cha kolera, ndipo anthu oposa 700 anafa m'dziko lonse. Kodi munthu amene amalipira khonsolo tsiku ndi tsiku ali ndi mlandu woti n'kuisumira ngalande ikatsekeka, madzi a m'chimbudzi n'kulowa m'chitsime? Ngati alibe, n'chifukwa chiyani? Limeneli si funso la mainjiniya okha.

Pa zofalitsa nkhani m'pamene akatswiri athu alankhula mokweza kwambiri, mwina chifukwa ozunzidwa ake ndi anthu odziwa kulemba. Mbiri yake ikudziwika. Pa 21 Juni 2016, kutatsala masabata ochepa chisankho, bungwe la misonkho la ZRA linatseka nyuzipepala ya The Post ya Fred M'membe ponena kuti ili ndi ngongole ya msonkho yoposa K50 miliyoni. Bwalo la apilo ya misonkho linalamula kuti itsegulidwe, koma maloko sanachoke. Pa 22 Ogasiti chaka chomwecho IBA, yoyang'anira mawayilesi, inaimitsa malaisensi a Muvi TV, Komboni Radio ndi Radio Itezhi Tezhi. Mu Epulo 2020 inalanda ya Prime TV, imene inabwezedwa boma litasintha mu 2021. Ndime 69 ya Penal Code yoletsa kunyoza Pulezidenti, imene Bwalo la Suprimu linaiteteza m'ma 1990 pa mlandu wa M'membe yemweyo, inachotsedwa mu Disembala 2022.

Zonsezi zasanthulidwa ngati nkhani ya mwini nyuzipepala ndi boma. Nanga womvera? Muvi TV inatchuka chifukwa inkalowa ndi kamera m'matope a Chibolya ndi John Laing, n'kulola anthu kudandaula m'chilankhulo chawo. Komboni Radio dzina lake lokha likunena eni ake. Pamene zinatsekedwa, amene anatsekedwa pakamwa ndi ndani, mwini laisensi kapena bambo amene ankaimba foni m'mawa kunena kuti mpopi wauma sabata yachitatu? Bambo ameneyu ali ndi poima m'khoti? Anyamata amene ankagulitsa The Post pa maloboti a Cairo Road ndi Great East Road, amene sanali pa pesilipi ya wina aliyense, anawerengedwa pa ndandanda wa otaya ntchito?

Lero wofalitsa nkhani wa m'komboni ndi aliyense wokhala ndi foni. Lamulo la zapaintaneti la mu 2021, limene otsutsa boma a nthawiyo ankalinyoza, linalowedwa m'malo mu Epulo 2025 ndi malamulo awiri atsopano, ndipo bungwe la maloya la LAZ linachenjeza poyera kuti akupereka mphamvu zambiri zomvetsera ndi kumanga anthu. Mtolankhani wodziwika akagwidwa, bungwe la atolankhani la MISA limatulutsa chikalata dzuwa lisanalowe, maloya n'kuthamangira. Mnyamata wa ku Matero amene wajambula kavidiyo ka pa TikTok kodandaula mtengo wa ufa ndi kuzimazima kwa magetsi, mawu n'kumupitirira, amamuthamangira ndani? Amabwerera pa kauntala ija, kukafunsidwa anthu awiri ogwira ntchito. Ndime 69 inapita, inde. Koma ndime za kuukira boma ndi za mawu odanitsa mitundu zikadalipo. Ndani akusunga ndandanda wa anthu wamba omangidwa nazo, kuti tione ngati chachoka ndi mchitidwe kapena nambala ya ndime chabe?

Wina ayankha kuti tikusokoneza ntchito: katswiri wa malamulo si mtolankhani, si wofufuza za chikhalidwe, ndipo ndalama za kafukufuku kulibe. Za ndalamazo tikuvomera. Aphunzitsi a pa UNZA akhala akudandaula za malipiro ndi ngongole zawo kwa zaka. Koma kuwerenga buku la olowa ndi otuluka m'selo ya polisi imodzi kwa mwezi umodzi kumafuna madola angati? Chimene chikusowa kwenikweni ndi mphotho. Kukwezedwa pa ntchito kumabwera ndi nkhani yotuluka m'magazini ya ku London kapena ku Cape Town, yolembedwa m'Chingerezi cha anthu 50. Kufotokoza masiku 90 aja m'Chinyanja pa wayilesi sikuwerengedwa. Malamulo oyendetsera dziko amati chilankhulo cha boma ndi Chingerezi, chabwino; koma amaletsa pati kuti lamulo la antchito a m'nyumba limasuliridwe pa tsamba limodzi n'kumatidwa pa zipata za misika ndi matchalitchi? Mutu ukakula sulewa nkhonya: amene anaphunzira ndi misonkho ya anthuwa sangati si ntchito yawo.

Palinso nkhani ya chipata cholowera. Mu 2021 dziko linadabwa kumva kuti mwa ophunzira 395 amene analemba mayeso a ZIALE olowera ntchito ya uloya, mmodzi yekha ndiye anakhoza. Kaya vuto ndi ophunzira, mayunivesite ongomera paliponse, kapena mayesowo, zotsatira zake n'zimodzi: maloya ochepa, odula, osonkhana m'maofesi a pakati pa tauni ndi ku Rhodes Park. Lamulo la thandizo la zamalamulo la mu 2021 linavomereza ma paralegal, ndipo mabungwe monga PRISCCA ndi Undikumbukire Project akhala akulowa m'ndende ndi m'maselo kufufuza oiwalika, makamaka ana. Anthu amenewa amadziwa zinthu zimene sizili m'buku lililonse. Ndi kangati aitanidwa kukaphunzitsa kalasi ya chaka chachitatu? Nanga mazana aja amene ali ndi digiri ya malamulo koma ZIALE inawabweza, bwanji osawatuma, ndi malipiro, kukakhala pa polisi ya Kanyama Loweruka m'mawa?

Chida chofunsira chilipo tsopano. Patatha zaka zoposa 20 za malonjezo, kuyambira pamene bilu yoyamba inachotsedwa m'Nyumba ya Malamulo mu 2002, lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma linasainidwa mu Disembala 2023. Atolankhani ndi akatswiri omwewa ndi amene analimenyera nkhondo. Ndiye tikufunsa akuluakulu a sukulu ya zamalamulo pa UNZA, a ZIALE, a LAZ ndi a Zambia Law Development Commission: ndani mwa inu walemba kale kalata yopempha malipoti a Chimbokaila amene Bwalo la Suprimu linalamula mu 2019? Ndani wapempha khonsolo ya Lusaka kuti ionetse ndalama imene inatolera pa Soweto Market chaka chatha ndi kumene inapita? Ndani wapempha Unduna wa Zantchito chiwerengero cha madandaulo a antchito a m'nyumba, ndi angati amene anathera pa kulipidwa? Ngati makalatawo anapita ndipo anakanidwa, tiuzeni tsiku lake ndi dzina la ofesi, tisindikize.